Katundu Wogula Pafoni Amadya Malo ndi Misewu: Livingstone Ikonze Mapulani Mapuloti Asanathe

Malonda a pa intaneti, omwe ndi kugula ndi kugulitsa katundu kudzera pa foni kapena kompyuta wogula osafika m'sitolo, amatamandidwa kwambiri kuti amachepetsa maulendo ndiponso kuthithikana kwa anthu m'misika, koma chitamando chimenechi chimabisa mbali yolemera ya nkhaniyi. Chimene chimayenda pa intaneti ndi uthenga ndi ndalama basi, pomwe nsapato, firiji, mabatire a sola ndi zipangizo za galimoto zimene munthu waitanitsa zimayenera kukwera sitima yapamadzi, kutsitsidwa padoko, kunyamulidwa pa thiraki, kugona m'nyumba yosungiramo katundu, kenako kufika pakhomo pa basi, pa kagalimoto kapena pa njinga yamoto. Paliponse pamene katunduyo waima pamafunika malo, ndipo paliponse pamene wadutsa pamafunika msewu. N'chifukwa chake khonsolo ya mzinda wa Livingstone ikuyenera kugamula lero lino za tsogolo la dera lozungulira bwalo la ndege la Harry Mwaanga Nkumbula, amalonda akuluakulu asanagamule okha pogula mapuloti mmodzimmodzi, chifukwa mzinda umene uchedwa kusankha malo a mathiraki umadzaona kuti mathirakiwo adzisankhira kale.

Livingstone ili pamphambano ya njira zitatu za katundu, ndipo amene sakuona mfundo imeneyi sangamvetse kukula kwa vutoli. Njira yoyamba ndi yakale, yodutsa pa mlatho wa pa mathithi a Victoria Falls umene unamangidwa mu 1905 ndipo umalumikiza Zambia ndi Zimbabwe pa msewu ndi pa njanji. Yachiwiri imachokera ku doko la Walvis Bay ku Namibia, kuwoloka Zambezi pa mlatho wa Katima Mulilo umene unatsegulidwa mu 2004, kudutsa ku Sesheke n'kutsata msewu wa M10. Yachitatu, imene yasintha zinthu kwambiri, ndi ya pa mlatho wa Kazungula, wotalika mamita 923, umene unatsegulidwa pa 10 May 2021 pa mtunda wa makilomita pafupifupi 70 kumadzulo kwa mzindawu. Mlathowu usanamangidwe mathiraki ankadikira masiku angapo kuti awoloke pa pantuni, koma tsopano pali chipata chimodzi pamene ogwira ntchito za msonkho a Zambia ndi a Botswana amaonera katundu pamodzi, moti onyamula katundu ambiri ochokera ku Durban ndi Johannesburg amasankha kudzera ku Botswana m'malo mwa Beitbridge ndi Chirundu. Njira zonse zitatu zimakumana mu Livingstone zisanalunjike kumpoto pa msewu wa T1, wolowera ku Lusaka, kumene katundu amapitirira ku Copperbelt mpaka ku Kasumbalesa pa malire a Congo.

Zoona zake n'zakuti nyumba zikuluzikulu zosungiramo katundu wa pa intaneti, zonga zimene zazungulira bwalo la ndege la OR Tambo ku Kempton Park, sizinafike mu Livingstone, ndipo mathiraki ambiri odutsa mumzindawu amanyamula mkuwa, mafuta, feteleza ndi zipangizo za m'migodi. Komabe malonda a pafoni alowa kale m'makomo mwa anthu, kungoti alowa mwa njira yawoyawo. Wogulitsa wa ku Kamwala ku Lusaka amaika chithunzi cha diresi pa Facebook kapena pa WhatsApp, wogula wa ku Dambwa kapena ku Maramba amalipira pa Airtel Money kapena pa MTN, ndipo phukusi lomatidwa ndi tepi, lolembedwa dzina ndi nambala ya foni ndi cholembera chakuda, limaponyedwa kunsi kwa basi pamodzi ndi zikwama za apaulendo. Likafika, wa njinga yamoto amalimangirira kumbuyo ndi mphira, n'kuyamba kuimba foni kufunsa kuti nyumbayo yayandikana ndi tchalitchi chiti kapena golosale iti, popeza nyumba zambiri za m'makomboni zilibe adiresi yoti mlendo angaitsate. Phukusi limodzi ndi laling'ono, koma maphukusi akachuluka wamalonda amayamba kufuna chipinda chosungiramo, kenako depoti, kenako bwalo loti mathiraki azitembenukirapo.

Kumwera kwa Zambezi kusinthaku kwafika kale patali. Kampani ya Takealot yakhala ikugulitsa pa intaneti ku South Africa kwa zaka zambiri, Temu inayamba kugulitsa kumeneko kumayambiriro kwa 2024, ndipo Amazon inatsegula sitolo yake ya pa intaneti ya dzikolo mu May chaka chomwecho. Makampani oterewa amakopa wogula ndi lonjezo loti katundu afika msanga, ndipo lonjezo limenelo silingakwaniritsidwe ngati katunduyo ali kutali, choncho amafunafuna malo athyathyathya, otsika mtengo, a m'mphepete mwa mzinda, oyandikana ndi msewu waukulu, chipata cha m'malire ndi bwalo la ndege. Sitolo ya m'tauni imafuna malo ochepa chifukwa wogula amanyamula yekha katundu wake, pomwe depoti ya malonda a pa intaneti imafuna malo otambasuka osankhirapo maphukusi, olongedzerapo ndi olandirirapo katundu wobwezedwa. Aliyense woyang'ana mapu a Livingstone ndi maso a wamalonda wotere adzaloza kumpoto chakumadzulo, kumene kuli bwalo la ndege pa mtunda wa makilomita ochepa kuchokera pakati pa tauni, pakati pa msewu wa Nakatindi wochokera ku Kazungula ndi msewu wa ku Lusaka.

Dera limenelo silili lopanda ntchito, ngakhale kuti wopima mapuloti angalione ngati tchire. Bwalo la ndegeli, limene Pulezidenti Michael Sata analipatsa dzina la Harry Mwaanga Nkumbula mu 2011, linakulitsidwa pokonzekera msonkhano waukulu wa bungwe la United Nations loona zokopa alendo umene Zambia ndi Zimbabwe anachititsa limodzi mu August 2013, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kulandira alendo odzaona mathithi. Msewu wochoka pabwaloli kulowa m'tauni ndiwo khomo la mzinda umene chuma chake chatsamira pa alendo, ndipo m'mbali mwake muli nyumba za anthu, malo ogona alendo ndi ana oyenda pansi popita kusukulu. Chakufupi kuli nkhalango yotetezedwa ya Dambwa, ndipo kumwera kuli paki ya Mosi-oa-Tunya, yokula masikweya kilomita 66 okha, imene ndi yaing'ono kwambiri moti njovu sizingakhalemo chaka chonse osatuluka. Kuika madepoti ndi mabwalo a mathiraki pamalo otere popanda pulani ndi kuunjika pamodzi zinthu zinayi zosagwirizana, zomwe ndi ndege, alendo, nyumba za anthu ndi nyama zakutchire, kenako n'kudabwa zikayamba kuwombana.

Kuwonongeka kwa msewu ndiko koyamba kuoneka, ndipo akatswiri anakuwerengera kalekale. Kafukufuku wa misewu amene anachitika ku America pakati pa 1958 ndi 1960 anasonyeza kuti kulemera kopondereza pa ekiselo, chomwe ndi chitsulo cholumikiza matayala a mbali ziwiri, kukawirikiza kawiri, kuwonongeka kwa msewu kumawirikiza pafupifupi ka 16. Tanthauzo lake n'lakuti thiraki imodzi yodzaza imadya phula kuposa magalimoto ang'onoang'ono zikwi zambiri, ndipo msewu wa m'dera la nyumba, umene unapangidwira matakisi ndi maminibasi, sungapirire ngakhale nyengo zochepa za mvula ukasanduka njira ya makontena. Anthu a ku Southern Province ndi Western Province sakufunika kuphunzitsidwa zimenezi, chifukwa anaona mmene msewu wa pakati pa Kazungula ndi Sesheke unasandukira maenje okhaokha kwa zaka zambiri. Misewu ikuluikulu ili m'manja mwa Road Development Agency ndipo imapeza ndalama za pa mageti olipiritsa, koma tinjira ta m'makomboni tikakumbika, dandaulo limapita ku khonsolo, imene chuma chake n'chochepa kale.

Thiraki imavutitsanso ikaima. Dalaivala amene wafika madzulo n'kupeza geti la depoti lotseka, kapena amene akudikira mapepala a msonkho, alibe kochitira koma kuimika galimoto yake m'mphepete mwa msewu, matayala a mbali imodzi ali pa phula ena ali m'dothi. M'mphepete mwa phulalo mumayamba kunyenyeka, ngalande imatsekeka, mafuta amadontha pansi, ndipo dalaivalayo amayatsa mbaula kunsi kwa ngolo n'kuphika nsima pamalo opanda chimbudzi, opanda madzi, opanda chitetezo. Woyenda pansi amakakamizika kulowa mumsewu kuti alambalale mzere wa mathirakiwo, ndipo wa njinga yamoto amene akuthamangira kukapereka phukusi samuona msanga. Mlandu pano si wa madalaivala, amene ndi anthu ogwira ntchito yolemetsa kutali ndi mabanja awo, koma wa olamulira amene amavomereza depoti popanda kufunsa kuti magalimoto odzatsitsa katundu azidzadikirira kuti.

Nkhani ya njovu ndi imene imasiyanitsa Livingstone ndi mizinda ina yambiri ya m'njira imeneyi. Mzindawu uli mkati mwa dera la Kavango-Zambezi, limene Angola, Botswana, Namibia, Zambia ndi Zimbabwe anagwirizana mu 2011 kuti azisamalira limodzi kuti nyama ziziyenda momasuka kudutsa malire, ndipo msonkhano waukulu wa atsogoleri wokhudza derali unachitikira mu Livingstone momwemo mu May 2024. Njovu zimawoloka Zambezi m'chilimwe n'kutsata njira zimene zakhala zikuyendamo kuyambira kale, ndipo anthu a m'makomboni oyandikana ndi paki akudziwa bwino mantha okumana nazo mbandakucha, makamaka m'chaka cha chilala ngati 2024. Depoti ndi mpanda wautali wa njerwa kapena waya wamagetsi, wokhala ndi nyali zowala usiku wonse, ndipo mpanda wotere ukatseka njira ya njovu, njovuzo sizibwerera kumene zachokera koma zimapatukira kumene kulibe mpanda, komwe ndi m'minda ndi m'makomo a anthu osauka. Mwini depoti amakhala wotetezeka, ndipo mtengo wa chitetezo chakecho amalipira ndi mayi wopita kumsika wa Maramba kusanache.

Amene akuganiza kuti nkhalango yotetezedwa ndi lamulo singagawidwe akumbukire zimene zinachitikira Forest 27 kum'mawa kwa Lusaka, kumene mtsinje wa Chalimbana umapeza madzi ake, pamene zigawo zake zinachotsedwa pa mndandanda wa nkhalango zotetezedwa kuyambira mu 2017 n'kusanduka mapuloti, ngakhale kuti anthu ambiri anadandaula. Lusaka yomweyo ikuphunzitsanso za misewu, chifukwa madepoti ndi mafakitale anamera m'mbali mwa misewu ya Kafue, Lumumba ndi Mungwi mofulumira kuposa misewuyo, mpaka boma linachita kuyambitsa ntchito yodula kwambiri yochepetsa kuthithikana kwa magalimoto mu 2018, yomanga milatho yodutsa pamwamba ku Makeni, ku Arcades, ku Munali ndi ku Longacres. Kutsidya kwa nyanja, dera la Inland Empire ku California, limene limalandira katundu wochokera ku madoko a Los Angeles ndi Long Beach, linadzaza ndi nyumba zosungiramo katundu masauzande angapo, zina moyang'anizana ndi masukulu, ndipo lamulo lokakamiza kusiya mpata pakati pa madepoti atsopano ndi nyumba za anthu komanso kupatula njira za mathiraki linasainidwa mu 2024, utsi wa dizilo utalowa kale m'zifuwa za ana. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba, ndipo mwayi wa Livingstone ndi wakuti idakali poyambapo.

Pali mawu amphamvu otsutsa zonsezi, ndipo sayenera kunyozedwa. Livingstone ndi mzinda umene walandidwa zambiri: unali likulu la Northern Rhodesia kuyambira 1911 mpaka 1935 pamene likulu linasamukira ku Lusaka, unali ndi mafakitale olumikiza magalimoto a Fiat, opanga mawailesi, oluka nsalu ndi ocheka matabwa amene anagwa chuma chitamasulidwa m'zaka za m'ma 1990, ndipo ngakhale likulu la chigawo linachotsedwa kupita ku Choma mu ulamuliro wa Sata. Mliri wa Covid-19 unasonyeza mu 2020 kuopsa kodalira alendo okha, pamene mahotela anatseka ndipo operekeza alendo, osema ziboliboli ndi oyendetsa matakisi anakhala manja lende. Boma la Livingstone lili ndi anthu pafupifupi 177,000 malinga ndi kalembera wa 2022, ambiri mwa iwo achinyamata ofuna ntchito, ndipo wachinyamata wotere akamva kuti kukubwera depoti samva za njovu kapena phula, amamva za malipiro a pamwezi. Iye akulondola kufuna ntchitoyo, ndipo mzinda umene uli pamphambano ya njira zitatu ungakhale wopusa kungoonerera katundu akudutsa osapindulapo kanthu.

Koma mkangano weniweni suli pa kulola kapena kukana madepoti; uli pa malo ake ndi pa amene adzalipire zowonongeka. Depoti imatenga mahekitala ambiri poyerekeza ndi anthu amene imalemba, ntchito zake zambiri ndi zaganyu wonyamula ndi kulondera, ndipo pamene makina osankha maphukusi akuchulukira, manja ofunika akucheperachepera. Ngati mzinda upereka khomo lake la alendo ndi m'mphepete mwa nkhalango yake posinthanitsa ndi ntchito zoterezi, udzataya ntchito za m'mahotela ndi zoperekeza alendo zimene zimadalira kuti Livingstone ikhale malo abata ndi obiriwira, amene mathithi ake analembedwa ndi UNESCO mu 1989 pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Komanso ganizo loti depoti iyenera kuyandikana ndi bwalo la ndege ndi lotengera mizinda ina, chifukwa katundu wolowa mu Livingstone amabwera makamaka pa msewu, ndipo wambiri wa pa ndege amatsikira ku bwalo la Kenneth Kaunda ku Lusaka. Chimene amalonda angafune kumeneko ndi malo otsika mtengo, osati ndegezo.

Malo oyenera madepoti ndi m'mbali mwa njanji ndi m'dera la mafakitale akale, kumene kuli kale malo opatulidwira ntchito zolemera. Boma la Zambia linakhazikitsa lamulo mu 2018 loti magawo 30 pa 100 alionse a katundu wolemera monga mkuwa, malasha, simenti, shuga ndi mafuta aziyenda pa njanji, ndipo mlatho wa Kazungula unamangidwa ndi njanji pakati pake, yodikira kulumikizidwa ku Mosetse ku Botswana ndi ku Livingstone. Mzinda umene ukuyembekezera njanji imeneyi uyenera kusungiratu malo a doko lapamtunda, lomwe ndi bwalo limene makontena amatsitsidwa pa sitima ya pa njanji, kuonedwa ndi a Zambia Revenue Authority, n'kukwezedwa pa magalimoto ang'onoang'ono ogawa katundu m'tauni. Kumwaza madepoti kutali ndi njanji ndi kulumbira kuti katundu yense adzayenda pa matayala mpaka kalekale, ndiponso kufooketsa Zambia Railways pa nthawi imene dziko likufuna kuidzutsa.

Zida zalamulo zilipo kale, chosowa ndi kulimba mtima kozigwiritsa ntchito. Lamulo la Urban and Regional Planning Act la 2015 limalamula khonsolo iliyonse kukhala ndi pulani yachitukuko yophatikiza zonse, imene imasonyeza kumene kudzakhale nyumba, mafakitale, misewu ndi malo osakhudzidwa, ndipo limalolanso pulani yapadera ya dera limodzi, imene ndiyo ikufunika kuzungulira bwalo la ndege. Lamulo lomwelo limatsegula njira yoti khonsolo igwirizane ndi mafumu pa mapulani a malo a makolo, mfundo yofunika kwambiri kuno chifukwa kunja kwa malire a mzinda kuli malo a Mfumu Mukuni, Mfumu Musokotwane ndi Mfumu Sekute, ndipo wamalonda wokanidwa m'tauni angathe kungodumpha malire n'kukamanga kutsidya kwake. Lamulo la Environmental Management Act la 2011 limapatsa bungwe la ZEMA mphamvu younika mmene ntchito yaikulu idzakhudzire chilengedwe ndi anthu isanayambe. Vuto ndi lakuti depoti iliyonse ikaunikidwa payokha imaoneka yaing'ono, pomwe khumi zikaunjikana pa msewu umodzi zimasintha dera lonse, choncho kuunikako kuyenera kuwerengera zonse pamodzi.

Zimene khonsolo ya Livingstone iyenera kuchita n'zodziwika, ndipo zambiri sizifuna ngongole yakunja. Iyenera kuimitsa kusintha ntchito ya mapuloti a m'dera la bwalo la ndege kuchoka pa nyumba kupita pa madepoti mpaka pulani ya deralo italembedwa ndi kukambidwa poyera, pamaso pa makomiti a chitukuko a m'mawadi, a zanyama zakutchire, a Zambia Airports Corporation ndi eni malo ogona alendo. Iyenera kujambula pa mapu njira za njovu ndi malire a nkhalango ya Dambwa n'kulengeza kuti pamenepo sipadzamangidwa mpanda. Iyenera kugwirizana ndi Road Development Agency pa mzere wa msewu wolambalala tauni, wolumikiza M10 ndi T1, ndi kuuteteza lero ngakhale ndalama zomangira zisanapezeke, popeza mzere wopanda nyumba ndi waulere pomwe wodzaza nyumba umafuna chipukutamisozi. Chilolezo chilichonse cha depoti chizikhala ndi lamulo loti mwini wake amange malo odikirira mathiraki mkati mwa mpanda wake, okhala ndi madzi ndi zimbudzi, alimbitse msewu wolowera ndi ndalama zake, ndipo asiye mpata wa mitengo pakati pa iye ndi nyumba za anthu.

Mbali ya maphukusi ang'onoang'ono nayonso ili ndi mankhwala ake otsika mtengo. Kupereka mayina a misewu ndi manambala a nyumba m'makomboni kungachepetse maulendo a njinga zamoto zozungulirazungulira kufunafuna khomo, ndipo malo otengerako maphukusi m'misika, pa siteshoni ya basi ndi ku positi ofesi angachititse kuti ulendo umodzi utumikire ogula ambiri, kwinaku ogulitsa a mumsika akupezanso makasitomala mwa odzatenga katunduwo. Oyendetsa njinga zamoto ayenera kulembetsedwa, kuphunzitsidwa ndi kupatsidwa poima podziwika, chifukwa ndiwo amene amasenza changu chonse chimene wogula walonjezedwa pafoni.

Makhansala amene adzavomereze mapuloti m'zaka zochepa zikubwerazi adzakhala atachoka m'maudindo pamene zotsatira zake zidzaonekere, ndipo ichi ndicho chifukwa chake anthu a mu Livingstone sayenera kuwasiyira nkhaniyi okha. Mipingo, mabungwe a amalonda, a matakisi, aphunzitsi ndi makolo a m'dera la bwalo la ndege ali ndi ufulu mwalamulo woona pulani ya mzinda wawo, kufunsa kuti puloti iliyonse yaikulu yapatsidwa kwa yani ndiponso kuti idzagwira ntchito yanji, ndi kukana polemba kalata pamene ntchito ya malo ikusinthidwa. Ufulu umenewu uli ndi mphamvu pokhapokha konkire isanathiridwe, ndipo khansala aliyense wofuna voti m'derali ayenera kuyankha poyera funso limodzi asanapatsidwe votiyo: mathiraki adzadutsa kuti, adzaima kuti, ndipo msewu ukakumbika adzalipira ndani.